Anagawa Phiri ndi Chingwe

Ofesi ya koperativa ya alimi a kachewere ku Tsangano ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa msika, kogundana ndi chigayo, moti ukalowamo uyenera kulankhula mokuwa ngakhale nkhani ili yachinsinsi. Muli tebulo, mabenchi awiri, ndi kamakina kolipirira kamene anthu amakapatsa ulemu kuposa pulezidenti wa koperativayo. Pulezidentiyo anali a Lázaro, mlimi wakhama, wosaba, wosamwa, koma munthu woti akanena kuti mbuzi iyi ndi nkhosa, inu mungoyamba kufunafuna lumo loimetera ubweya. Akazi awo, mayi Bertina, anakhala nawo pabanja mpaka kukwatitsa mwana, ndipo liuma limeneli ankati analizolowera. Kuzolowera kwake kunali kwa pakamwa chabe, chifukwa mumtima linkawatopetsa tsiku ndi tsiku.

Mayi Bertina analibe udindo uliwonse mu koperativamo, komabe amayi ambiri analowamo chifukwa cha iwo. Kale amayi a m'midzi yozungulira ankasunga ndalama za kachewere m'zitini, ena ankakazisintha makwacha kumalire n'kumazidya pang'onopang'ono, mvula n'kuwapeza alibe ngakhale thumba limodzi la feteleza, amene kuno timati adubu. Mayi Bertina anayenda khomo ndi khomo mpaka zidendene kung'ambika. Ankalonjeza chinthu chimodzi chokha: kuti aliyense akaika ndalama zake mu koperativa, mvula isanagwe lole ya adubu idzaima pamsika, ndipo aliyense adzasenza thumba lake kupita nalo kwawo.

Amene anavuta kwambiri kuwakopa anali mayi Dailesi, mayi wamasiye wolera adzukulu, amene munda wawo uli pamtsetse woguga woti popanda adubu kachewere amangobala tinthu tosayenera ngakhale kusenda. Atamva zonse, mayi Dailesi anamasula mfundo ya chitenje, napereka zonse zimene anapeza chaka chimenecho.

"Makina anuwo ine sindiwadziwa," anatero. "Amene ndikuwadziwa ndinu."

Lole ya adubu silandira ndalama za m'manja. Eni ake anatopa ndi achifwamba a m'njira, ndiye lamulo lawo n'lakuti malipiro ayambe alowa ku banki yawo, kenako matumba atsike. Ndalama ya pamakinayo nayo ili ndi ulendo wake. Julião, tekiniku, katswiri wa makina wa ku Tete amene anadzaika zipangizo, anafotokozapo pamsonkhano kuti ukadina kamakinako, uthenga umathamangira pa antena imene ili pamwamba pa phiri la m'malire a Tsangano ndi Macanga. Kuchoka apo umadumpha phiri ndi phiri mpaka ku Tete, n'kukafika ku Maputo ku banki yaikulu ya dziko, kumene mabanki onse amakumana. Kumeneko ndiye amachotsa ku banki ya wogula n'kuika ku banki ya wogulitsa, ndipo yankho limabwerera njira yomweyo wodinayo asanachotse chala. Mabanki akuluakulu ndi timakoperativa tonse timayenda mumsewu umodzi womwewo, chifukwa palibe angakwanitse kulambula wakewake. Julião anachenjezanso kuti kamakinako sikayendera redi, kapena kuti netiweki, ya mafoni wamba. Kali ndi njira yake yotetezedwa kwa akuba, ndipo njirayo ndi antena ya paphiri basi.

Antenayo sinali ya a ku Tsangano okha. Ankagawana ndi koperativa ya alimi a fodya a ku Chidzolomondo, mbali ya Macanga, imene mtsogoleri wake anali a Cornélio, mlongo wawo wa mayi Bertina, bere limodzi. Pamtengo wachitsulowo panali mbale ziwiri, ina yoyang'ana ku Tsangano, ina ku Macanga. Koma masola, mabatire ndi mawaya zinali zimodzi, zonse m'bokosi lachitsulo patsinde pake.

Mdani wa antena si wakuba, ndi moto. Chaka chilichonse anthu akamaliza kukolola, osaka mbewa asanayambe kuyatsa tchire, magulu awiriwa ankakwera phirilo tsiku limodzi, awa kuchokera kum'mawa, awa kumadzulo. Ankalambula ndi makasu kanjira kotambalala kozungulira antenayo kuti moto ukafika pamenepo usowe chodya, udzu wonse n'kukautaya kutali kumunsi. Amayi ankaphika kachewere ndi nyemba pamafuwa, a fodya ankanyoza a kachewere kuti ndi alimi a zokazinga, a kachewere n'kubweza kuti fodya sadyetsa mwana. Dzuwa likamapendeka aliyense ankatsikira kwawo atakhuta ndi kuseka.

Chaka chimenechi zinthu zinapindikira pa chinkhoswe cha Felicidade, mwana wa a Lázaro ndi mayi Bertina. A Lázaro anaimirira kuti alankhule za mwana wawo, ndipo a Cornélio anawauza, mwaulemu ndithu, kuti kwawo ku Macanga nkhani za mbumba amalankhula ndi malume, bambo amangomvetsera. Anthu anaseka pang'ono n'kuiwala. A Lázaro anakhala pansi, koma sanaiwale. Kuyambira tsiku limenelo foni ya alamu awo ikalira ankangoiyang'ana mpaka itatopa yokha.

Ndiye chifukwa chake nyengo yolambula itayandikira, a Cornélio anaimbira mlongo wawo. Anati mtsinje wa kwawo waphwa msanga, ndipo anthu onse, amuna ndi akazi omwe, akutunga madzi kutali kothirira nazale za fodya m'mawa ndi madzulo. Kudumphitsa tsiku limodzi, mbande zonse zauma. Anapempha kuti chaka chino a ku Tsangano alambule kanjira konse okha, ndipo a ku Macanga adzabweza chaka chamawa polambula konse popanda wowathandiza.

Mayi Bertina anadikira kuti amuna awo adye, asambe m'manja, atambasule miyendo, ndipo anapereka uthengawo mofewa monga angathere.

"Nkhani za antena amalankhula ndi pulezidenti," anayankha a Lázaro. "Bwanji sanaimbire ine?"

Mayi Bertina anawakumbutsa kuti anaimba kangapo koma sanayankhidwe. A Lázaro anati zimenezo n'zina. Anati iwo anakhala kale chete pa chinkhoswe, ndipo sangakhalenso mkamwini wolimira a ku Macanga mpaka pamwamba pa phiri. A ku Tsangano akalambula mbali yawo. Mbali inayo, ngati eni ake atanganidwa, atume malume wa antenayo.

Mayi Bertina anaganiza kuti ndi mawu a mkwiyo chabe, oti akagona atha. Koma tsiku lokwera phiri, galimoto imene anachita hayala itawasiya pothera msewu, iwo n'kuyenda wapansi mpaka pamwamba, a Lázaro anatsegula thumba lawo n'kutulutsa chingwe chobzalira chimanga. Anakhoma chikhomo kumpoto, anakokera chingwecho kudutsa patsinde pa antena, nakhoma china kumwera. Kenako analengeza kuti kum'mawa kwa chingwe ndi Tsangano, kumadzulo ndi Macanga, ndipo khasu la munthu wa koperativa yawo lisadumphe.

"Bambo a Felicidade," anatero mayi Bertina pamaso pa anthu onse, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, "kodi moto umadziwa chingwe?"

"Moto sudziwa chingwe, koma anthu ayenera kudziwa malire. Pronto, basi. Tiyeni tiyambe."

Mamembala anayang'anana. Ena anaseka chamumtima, ena anang'ung'udza chapansipansi, koma palibe anatsutsa. Tinene zoona, theka la ntchito limakoma kwa aliyense wogwira khasu padzuwa, ndiye ulesi wa anthu unagwirizana bwino ndi liuma la mtsogoleri wawo. Analambula mbali yawo mpaka kuyera, osasiya ngakhale kaudzu. Udzu umene anasadza, m'malo mokautaya kumunsi monga mwa nthawi zonse, anangouponyera kuseri kwa chingwe, poti kunali pafupi. Unaunjikana mulu waukulu, wouma, pafupi ndi bokosi la mabatire.

Mayi Bertina anasiya mphika pamoto, natenga khasu, nadumpha chingwecho. Mayi Dailesi anawatsatira ndi mawondo awo owawa. Sanalime pakulu pamene a Lázaro anakuwa kuti mwini galimoto akunyamuka, ndipo wotsala akayenda wapansi mpaka ku Tsangano. Mayi Bertina anayang'ana mawondo a mnzawoyo, anayang'ana kutalika kwa ulendo, ndipo anatula khasu mtima ukuwira. Ali kumunsi anacheuka, naona phirilo lili ngati mutu wa munthu amene wometa wake wathawa ntchito ili pakati. Chingwe chija a Lázaro anachisiya dala chili chokhoma, kuti eni mbali inayo adzadziwe poyambira.

Anadziwadi. Anthu a ku Chidzolomondo okasaka nkhuni anachiona, ndipo nkhani inafala m'midzi yonse ya kumeneko kuti a ku Tsangano awayeza ndi chingwe. Mayi Bertina ataimbira mlongo wawo kuti ayesetse kutumako anthu angapo, a Cornélio anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anati awauza kale anthu awo, koma yankho n'lakuti akwera nazale zikalola. Mayi Bertina anaika foni pansi akudzifunsa kuti analakwa chiyani kuti abadwe ndi wina, akwatiwe ndi wina, onse awiri mitu yolimba chimodzimodzi.

Masabata otsatira mayi Bertina sanapumule. Ankaikumbutsa nkhaniyi m'mawa popita kudimba, pobwera kutchalitchi, ngakhale pakati pa kusankha mbewu. Anapempha kuti koperativa ichitenso hayala galimoto, kapena iwo apite ndi amayi anzawo. A Lázaro anati chuma cha koperativa si chothamangitsira galimoto kukagwira ntchito za eni. Nthawi zonse ankamaliza ndi funso limodzi lomwelo, loti kodi kamakina kasiya kugwira ntchito? Kanali kasanasiye. Nanga ungamuuze chiyani munthu amene umboni wake wonse ndi wakuti nyumba sinagwebe? Mayi Bertina anafika pongoyang'ana utsi wa m'mapiri madzulo alionse, n'kumayesa kulingalira kuti ukufuka pati.

Lole ya adubu inafika Lachisanu m'mawa, m'mwezi wotentha uja mitambo ikayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo. Pamsika panadzaza. Ena anabwera ndi njinga, ena ndi ngolo, ambiri ndi nkhata zokha. Mayi Dailesi anali kutsogolo kwa mzere, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Mayi Bertina ankayenda uku ndi uku kupereka moni, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, poti chimene analonjeza chinali chitaima pamaso pa anthu, matumba ali mbwee mpaka pamwamba.

Odete, mlembi wa koperativa, anadina kamakina kaja. Kanaganiza, kanaganizanso, kenako kanakana. Anakazimitsa n'kukayatsa. Anakapukuta ndi chitenje. A Lázaro anamuuza kuti akakweze m'mwamba pafupi ndi zenera, ndipo iye anakweza mpaka mkono kuwawa. Pomaliza anatuluka pakhomo n'kunena mawu amene aliyense m'dziko muno amadana nawo: palibe sisitema.

A Lázaro anauza anthu kuti asade nkhawa, zimenezi zimachitika, mwina ku Maputo kwazima magetsi. Anaimbira Julião mokweza mawu kuti onse amve mmene pulezidenti amadzudzulira a ku Tete. Julião anayankha kuti ku Maputo kulibe vuto, mabanki onse akulipirana bwinobwino. Chimene chinali chete pa makina ake kuyambira dzulo masana ndi antena ya paphiri, mbale zonse ziwiri.

Posakhalitsa foni ya mayi Bertina inalira. Anali a Cornélio. Anati moto wa osaka mbewa unakwera phiri dzulo, unadutsa m'tchire losalambula lija, n'kupeza mulu wa udzu wouma uli phee kuudikira. Mawaya asungunuka, bokosi lada bii, mabatire atupa n'kung'ambika. Mbali yolambula bwino ija ili yoyera monga anaisiyira, palibe chimene yapulumutsa.

Mayi Bertina anawakokera amuna awo pambali n'kuwauza. Nkhope ya a Lázaro inawala pang'ono.

"Mwaona? Wachokera mbali yawo."

Mayi Bertina anamuyang'ana munthu amene anabereka naye ana. Anangofunsa ngati akufuna kuti iwo akauze mayi Dailesi kuti akathire m'munda mwawo mbali imene moto unachokera m'malo mwa adubu.

Woyendetsa lole anali munthu wachifundo, koma lole sinali yake. Anati popanda uthenga wa ku banki sangatsitse ngakhale thumba limodzi, apo ayi ntchito yamuthera. Wina anati a Lázaro athamangire ku banki ya kutauni akalipire pamanja, koma aliyense anadziwa kuti pofika kumeneko adzapeza atatseka mpaka Lolemba. Woyendetsayo anaimbira abwana ake, nawanyengerera, ndipo anamulola kudikira mpaka mawa lake dzuwa litapendeka. Kupitirira apo ayi. Ku Angónia kunali alimi ena odikira adubu yemweyo, makina awo ali amoyo, ndipo chaka chimenechi adubu anali wosowa. Komanso mvula ikangogwa, lole yolemera chotero siingabwerenso mumsewu wafumbi umenewu mpaka dzinja litatha.

Julião anati mabatire ena ndi mawaya ali nazo, ndipo akhoza kufika nazo m'mawa mwake patsinde pa phiri. Koma msewu wochokera ku Tete umafika mbali ya Macanga, ndipo galimoto siikwera phirilo. Batire lililonse limafuna amuna awiri amphamvu olinyamula pamtengo. Anthu atakhala ambiri, ntchito yonse itha dzuwa lisanafike pamutu. A ku Tsangano kuti akafike kumeneko anayenera kuzungulira ulendo wautali, ndipo galimoto ija ya hayala inali itapita ku Tete ndi kachewere. Midzi yoyandikira patsinde pa phiri inali ya anthu a Cornélio.

A Lázaro anaitembenuza foni m'manja mwawo kangapo, kenako anaipereka kwa akazi awo kuti alankhule ndi mlongo wawo. Mayi Bertina anapinda manja.

"Nkhani za antena amalankhula ndi pulezidenti," anatero.

A Lázaro anaimba okha, atatembenukira kukhoma. Mayi Bertina anaima pafupi, ndipo chigayo chitangozima anamva zonse.

"Alamu, boa tarde, mwaswera bwanji. Ndine Lázaro."

"Ndakumvani, alamu. Nambala yanu sindinaifufute."

A Lázaro anafotokoza za lole, za mabatire, za amayi odikira pamsika. Mawu oti pepani anazungulira pakamwa pawo osatuluka, koma pempholo linamveka. A Cornélio sananyoze ndiponso sanakumbutse za chinkhoswe.

"Ine ndipita, alamu, chifukwa kumeneko kuli mlongo wanga. Koma anthu si ng'ombe zanga zoti ndingazitsekulire khola. Fodya anagulitsa kale, ndalama zawo analandira, antenayo adzaifuna mvula ikatha. Ndiyesa kuwapempha. Musayembekeze zambiri."

Anayesadi. Anayenda khomo ndi khomo madzulo amenewo, ndipo paliponse anamva yankho laulemu lomwelo, lakuti nazale sizinathe kuthirira. Mkulu wina anawonjezera kuti mabatirewo akangofika pa chingwe, mbali ya Macanga ithera pomwepo, ndiye a ku Tsangano adzawalandire kumeneko. A Cornélio anapeza anthu awiri okha, ndipo onsewo anavomera chifukwa cha chibale, osati chifukwa cha antena.

Loweruka m'bandakucha a Lázaro ananyamuka pa mota, njinga yamoto ija, ndi amuna ochepa amene anapeza mota zowanyamula. Mayi Bertina anatsala pamsika. Amayi anabweranso onse, nakhala mumthunzi wa lole, wina akuyamwitsa, wina akuluka tsitsi la mnzake, onse maso ali pakhomo pa ofesi. Palibe anawanyoza mayi Bertina, ndipo zimenezo zinawapweteka koposa. Anaphikira woyendetsa lole tiyi, anamukazingira kachewere, anamufunsa za ana ake ndi za kwawo, chilichonse choti asayang'ane kumwamba. Koma iye ankayang'anabe, chifukwa tsiku limeneli mitambo inasonkhana msanga ndipo sinaonetse zobalalika.

Nkhani za kuphiri zinkabwera pafoni pang'onopang'ono. A Lázaro anafika dzuwa litakwera kale, mota imodzi itaphulika tayala m'njira. Anapeza a Cornélio ndi anzawo atakweza kale batire limodzi, ali wefuwefu. Kenako kunamveka kuti pulezidenti ndi malume anyamula batire pamtengo umodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo, osalankhulana, ndipo phewa la a Lázaro lasupuka. Mayi Bertina atamva zimenezi sanadziwe kuti aseke kapena alire. Ntchito imene akanaigwira ndi makasu tsiku limodzi akudya nyemba, tsopano ankaigwira ndi mapewa, anthu ochepa, mabingu akugunda.

Dzuwa litapendeka, Julião anaimba yekha. Anati anthu atheratu mphamvu, mabatire ena akadali pansi, ndipo ngakhale atakwera onse, kulumikiza mawaya mvula ili pamutu sikungatheke. Mwina mawa.

Mayi Bertina anagwada pamaso pa woyendetsa lole, pafumbi, anthu akuona. Munthuyo anavula chipewa, nawadzutsa ndi manja awiri, nati amvetse, naye ali ndi ana. Madontho oyamba anali atayamba kugwa, akuluakulu, onunkhira dothi. Anamanga lona pamwamba pa matumba, analiza injini, ndipo lole inatuluka pamsika pang'onopang'ono, amayi akusuntha miyendo kuti idutse. Anaiyang'ana mpaka itakhota. Kenako aliyense anatola nkhata yake n'kuyamba ulendo wa kwawo mvula ikuwanyowetsa.

Antena inadzuka Lolemba. Kamakina kanalira kamawu kake kachimwemwe, ndipo a Lázaro, akutsimphina, phewa litamangidwa nsanza, anaima pakhomo pa ofesi kulengeza kuti sisitema yabwera ndipo ndalama za aliyense zilipo zonse, palibe yatayika. Zinali zoona. Ku Maputo palibe chinasokonekera, mabanki sanadye kanthu ka munthu. Koma mvula inali itagwa usana ndi usiku, msewu unali phala, ndipo adubu wochepa amene anali m'magolosale a pafupi anali atatha, wotsalayo mtengo wake wosayandikika. Palibe anaomba m'manja. Mzere umene unaima pakhomo tsiku limenelo unali wa amayi odzauza Odete kuti awachotse mu koperativa.

Kunyumba kwa mayi Bertina kunali theka la thumba la adubu lotsala chaka chatha, limene a Lázaro ankasungira munda wa kuseri. Mayi Bertina analisenza m'mawa amuna awo akuona.

Anawapeza mayi Dailesi pamtsetse paja, akubzala kachewere m'mizere yopanda kanthu, adzukulu akuponya mbewu m'mapando. Adubu wa theka la thumba sakanakwana ngakhale ngodya imodzi ya mundawo, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. Mayi Dailesi analandira ndi manja awiri, nathokoza, nafunsa za phewa la abambo. Mayi Bertina anayamba kufotokoza kuti chaka chamawa zinthu zidzayenda bwino, kuti alamu awiriwo ayamba kulankhulana, kuti kanjira kadzalambulidwa konse. Mayi Dailesi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ine sindinakwiye nanu, mayi," anatero. "Ndinakuonani paphiri, ndinakuonaninso pamsika. Koma adzukuluwa adya chiyani chaka chino, inu simudziwa, inenso sindidziwa. Mukamabwera kuno muzibwera kudzacheza. Za makina musadzandiuzenso."

Anawerama n'kupitiriza kubzala. Mayi Bertina anaima kanthawi m'mphepete mwa munda, kenako anatsika mtsetsewo mutu uli wopepuka, mtima uli wolemera, akudutsa makomo amene anagogodapo limodzilimodzi miyezi ingapo yapitayo. Pena ankawapatsa moni, pena ankangoyang'ana kumbali.

Atafika kunyumba anapeza a Lázaro atakhala pakhonde, akuyang'ana mvula ina imene inkabwera kuchokera kumapiri. Kenako anati, motsitsa mawu, anthu a ku Chidzolomondo akanangobwera ochepa chabe, ochepa okha, lole ija ikanatsitsa. Anati sakumvetsa kuti anthu angaume mtima bwanji chotero mnzawo ali pamoto.

Mayi Bertina anawayang'ana. Analowa m'nyumba kukasankha mbewu yoti akabzale m'munda wawo, umene nawonso chaka chimenechi unalibe adubu.

Makolo athu sanaone antena kapena banki ya ku Maputo, koma anthu onga a Lázaro anawaona ambiri, ndipo anawasiyira mawu: mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.